Masiku 76 a thanki yopanda nsomba

Nsomba zokongola za m'nyanja yamchere zimene anthu amaweta m'mathanki agalasi, zambiri mwa izo sizinabadwire m'thanki. Asodzi amazigwira m'matanthwe a pansi pa nyanja ku Indonesia ndi ku Philippines, zina ku Kenya, n'kuziika m'timatumba ta pulasitiki tokhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya. Zimadutsa m'manja mwa ogulitsa angapo, ndipo pena paliponse zimagona m'madzi amodzi ndi nsomba zochokera kwina. Pofika mushopu imene ndimagwiramo ntchito kuno ku Johannesburg, makilomita oposa 400 kuchokera kunyanja, zimakhala zili lefu, zili ndi njala, ndipo kawirikawiri zitanyamula tizilombo pakhungu ndi m'makha. Ine ntchito yanga ndi ya m'chipinda chakuseri, kumene nsomba zatsopano timazibindikiritsa zisanakumane ndi zinzake.

Thanki ya mbindikiro si yoonetsa alendo. Pansi pake ndi galasi lokhalokha, mulibe mchenga, mulibe miyala. Mumakhala hita, siponji yosefera madzi, kapampu kotulutsa thovu, ndi zidutswa za mapaipi a PVC zoti nsomba ibisalemo ikachita mantha. Anthu akaona amati tikuzunza nsomba. Chifukwa chake chimamveka munthu akadziwa moyo wa kachilombo kamene tikulimbana nako.

Pali mnyamata wina wakwathu amene amagwira ntchito panyumba ya abwana ena, ndipo pa ntchito zake pali kusamala thanki yaikulu ya m'chipinda chochezera. Anabwera tsiku lina nkhope ili gwa, kufunsa mankhwala a timadontho toyera tomwe tinatuluka pa nsomba ya buluu ija ana amaitcha Dory. Ndinamufotokozera zoyenera kuchita, koma abwana ake anakana, amati n'zambiri. Sabata isanathe anandiimbira akuseka.

"Achimwene, zachira zokha zija! Timadontho tonse tachoka."

"Zikupuma bwanji?"

"Bwinobwino. Zikudyanso."

"Muwauze abwanawo agule thanki ina ndithu. Tibweranso timeneto, ndipo tibwera tambiri."

Matenda amenewa amayamba ndi kachilombo ka selo imodzi kotchedwa Cryptocaryon irritans, dzina limene kanapatsidwa ndi Eleanor Brown mu 1951. Kadontho kamene timaona, kosapitirira milimita imodzi, ndi malo amene kachilomboko kaboola khungu n'kukhala mkati, kakudya. Kamadya masiku 3 mpaka 7. Kakakhuta kamachoka kokha, kugwera pansi, kukwawa maola angapo, n'kumatirira pamwala, pamchenga kapena pagalasi. Pamenepo kamadzikuta ndi chikhungu cholimba n'kuyamba kugawikana mkati. Kawirikawiri pakapita masiku 3 mpaka 28 chikhungucho chimang'ambika, n'kutuluka tiana tofika 200 kapena kuposerapo, tosambira kufunafuna nsomba. Tikapanda kuipeza mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri, timafa. Timakonda kutuluka usiku kapena mbandakucha, nsomba zili duu pamalo pake pogona. Amene anagonapo m'nyumba ya nsikidzi akudziwa kale: masana thupi lili bwino, mdani ali m'ming'alu, ndipo kusamba sikuthandiza.

Kunyanja zimenezi si nkhani yaikulu. Madzi ndi ambiri, tiana tambiri timasochera n'kufa. M'bokosi lagalasi la malita 300 mulibe kosochera. Kadontho kamodzi lero kakhoza kusanduka mazana sabata yamawa, ndipo tikadzaza makha nsomba imafa ndi befu ili m'madzi.

Tsono chimene anthu ambiri sachimva ndi ichi. Kachilombo kakakhala m'khungu, mankhwala sakafika, ndipo kakakhala m'chikhungu chake chija pansi, sakafikanso. Mpata wopha ndi maola okhawo amene kakusambira. Ndiye sitithira mankhwala lero kuti mawa tione nsomba yachira. Timasunga madzi ali ndi mphamvu yokwanira usana ndi usiku, kwa masabata, kuti kalikonse kotuluka kapezane ndi imfa.

Mankhwala amene ndimawadalira kwambiri ndi kopa. Alipo a mitundu ingapo ndipo mlingo wake ndi wosiyana kwambiri. Kopa wa salifeti amafuna mamiligalamu 0.15 mpaka 0.20 pa lita imodzi. Cupramine amafuna 0.5. Copper Power amafuna 2.0 mpaka 2.5. Wosakaniza manambalawa akhoza kupha thanki yonse usiku umodzi. Kopa ndi poizoni kwa nsomba yomwe, kungoti kachilombo kamafa msanga kuposa mwini khungu, ndipo mpata pakati pa mlingo wochiza ndi wakupha ndi wochepa. Timakweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo, tikuyang'ana ngati nsomba ikudya. Tikafika pamlingo timayamba kuwerenga, ife timawerenga masiku 30, ndipo m'mawa uliwonse ndimatenga madzi m'kabotolo n'kuyeza. Ndikapeza kuti kopa watsika pansi pa mlingo, kuwerenga kumayambiranso pa tsiku loyamba. Zimapweteka, makamaka mwini nsomba akuimba foni tsiku ndi tsiku.

Apa m'pamene galasi lopanda kanthu lija limamveka. Miyala ndi mchenga wa m'nyanja zimamwa kopa, mlingo n'kutsika iwe osadziwa, kenako zimadzamulavula nthawi ina. Komanso kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu. N'chifukwa chake sathiridwa m'thanki yaikulu, zivute zitani.

Pashelefu yomweyo pali mankhwala awiri amene Mmalawi aliyense wamkulu akhoza kuwazindikira. Oyamba ndi chloroquine. Malawi anasiya kuwagwiritsa ntchito ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993, dziko loyamba mu Africa kuchita zimenezo, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titawazolowera. Ku nsomba akugwirabe ntchito: mamiligalamu 10 mpaka 15 pa lita. Nsomba zina zosagwirizana ndi kopa zimawapirira. Vuto lake ndi loti amatha mphamvu ndi kuwala, ndipo palibe kachipangizo kophweka koyezera kuti m'madzi mwatsala ochuluka bwanji. Ine sindikonda kumenya nkhondo ndi chida chimene sindingachiyeze, koma ndimawasunga.

Achiwiri ndi praziquantel, aja amapatsa ana asukulu pothana ndi likodzo. Ku nsomba amapha tinyongolotsi tophwatalala, monga Neobenedenia, timene timamatirira pakhungu ndi m'maso. Pa nsomba yamoyo sitioneka chifukwa timaonekera mkati, umangoona diso lachita mtambo ndipo nsomba ikudzikhula pamapaipi. Pofuna kutsimikiza, ndimatenga ndowa yakuda, kuthiramo madzi opanda mchere ndi opanda klorini, ofunda mofanana ndi a m'thanki, n'kuikamo nsombayo mphindi zisanu. Poyamba imagona cham'mbali, ndipo wosazolowera amafuna kuivuula pomwepo. Pakapita mphindi zitatu kapena zinayi tinyongolotsito timayera n'kuyamba kuthothoka, kukagwera pansi pa ndowa, pamene umatha kutiwerenga. Zikatero timathira praziquantel, pafupifupi mamiligalamu 2.5 pa lita. Mazira ake safa ndi mankhwalawa, ndiye pakatha masiku 5 mpaka 7 timathiranso.

Timadontho toyera timapatsako munthu nthawi yoganiza. Amyloodinium ocellatum sapereka nthawi imeneyo. Kachilombo aka kamayambira m'makha, ndipo kamodzi kakagwa pansi kamabala tiana tofika 256. Chizindikiro choyamba si pakhungu. Nsomba imapuma mofulumira, imathawa kuwala, imakaima pamene pampu ikulavulira madzi. Pomwe khungu lizioneka lafumbi, masiku atsala ochepa. Ndikaona zimenezi sindidikira mawa: ndowa ya madzi opanda mchere kuti makha apepukidwe, kenako kopa kapena chloroquine tsiku lomwelo, mosazengereza ngati mmene timachitira masiku ena. Palinso Brooklynella hostilis, amene amakonda nsomba zamizere ya olenji ndi yoyera zija za mufilimu ya Finding Nemo ya 2003. Khungu limayera n'kumasupuka. Kwa ameneyu kopa sadalirika, amafuna kusambitsa nsomba mu formalin kwa mphindi pafupifupi 45, thovu lili lambiri chifukwa formalin amachepetsa mpweya m'madzi. Wosambitsayo avale magolovesi ndipo atsegule mawindo.

Zilipo njira zopanda mankhwala. Angelo Colorni, wofufuza wa ku Eilat ku Israel, anasonyeza m'ma 1980 kuti kalendala yokha ikhoza kugonjetsa Cryptocaryon. Popeza kachilombo kogwa pansi kamafuna masiku osachepera atatu kuti kabereke, ukamasamutsa nsomba kupita m'thanki yoyera ndi youma bwino maola 72 asanakwane, kanayi motsatizana, umakasiya kumbuyo konse. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo mchere wosungunulira m'madzi atsopano si wotsika mtengo. Njira ina ndi kutsitsa mchere m'madzi. Madzi a m'nyanja ali ndi magalamu 35 pa lita, zimene pachoyezera timawerenga 1.026. Ukatsitsa kufika 1.009 kwa mwezi, nsomba zambiri zimapirira koma kachilomboko sikatha kuberekana. Kwa Amyloodinium njirayi siphula kanthu, ndipo siiphatikizidwa ndi kopa.

Za adyo ndi timabotolo tolembedwa kuti n'totetezeka kwa makorali, ndinene mosabisa: adyo angathandize nsomba kufuna chakudya, basi. Timabotoloto timatamandidwa chifukwa munthu amathira Lolemba, timadontho n'kuchoka Lachinayi, monga mmene tikanachokera popanda kuthira kanthu.

Monga ndaonera ine, nsomba zambiri zofera mu mbindikiro zimafa ndi madzi oipa, osati tizilombo. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya okwanira odya amoniya wochokera m'zitosi, ndipo mankhwala amawafooketsanso. Ndiye siponji timainyikiratu masabata angapo m'madzi okhwima, zotsala za chakudya timazikoka ndi paipi tsiku lililonse, ndipo posintha madzi, atsopanowo timathiriratu kopa mlingo womwewo. Mankhwala ena ochotsera amoniya akakumana ndi Cupramine amamusandutsa woopsa kwambiri, choncho sitiwaphatikiza. Magetsi akazima, zimene kuno tinazizolowera, choyamba kugwira ndi kapampu ka mabatire.

Chatsala ndi thanki yaikulu ija, kumene nsomba zinadwalira. Poti mankhwala sangathiridwemo, njira ndi imodzi: nsomba zonse zituluke, ngakhale zooneka zathanzi, chifukwa zina zimasunga tizilombo tochepa m'makha osaonetsa. Makorali, nkhono ndi nkhanu zimatsala, popeza kachilomboko sikazidya. Colorni ndi Peter Burgess analemba mu 1997 kuti chikhungu china chikhoza kukhala masiku 72 chisanang'ambike, ndiye oweta amawonjezerapo pang'ono n'kudikira masiku 76. Nthawi yonseyo ukonde, ndowa ndi paipi za m'chipinda cha odwala zisayandikire, manja aume, ndipo mathankiwo atalikirane mamita atatu chifukwa timadontho ta thovu timauluka. Nkhono kapena korali watsopano akhoza kubwera ndi chikhungu chija chitamatirira pachigoba chake. Akalowa pa tsiku la 60, tsiku limenelo limakhala loyamba.