Ubuntu ikakana kulowa mu kompyuta, yambani mwaona fulashi, wotchi ndi gwero



Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Makompyuta akale, onga amene sukulu zathu kuno ku Zingwangwa zimalandira ngati mphatso, ambiri sanganyamule Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Ogula atsopano tilibe, ndipo kuikamo Windows yobera n'kutenga cha mwini popanda chilolezo. N'chifukwa chake m'chipinda chathu cha makompyuta tikuikamo Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anauyambitsa mu 2004. Ndi waulere ndipo aliyense amaloledwa kuukopera ndi kugawira ena. Dzinalo n'chomwe chija ife timati umunthu.

Koma poika pamavuta. Kompyuta ikaima panjira, kapena ikakana kulandira mapulogalamu, timafulumira kunena kuti yafa, ndipo pempho la ndalama zokonzetsera limafika kwa a komiti. Kawirikawiri kompyutayo imakhala ili bwinobwino.

Poyambira ndi fulashi. Ubuntu imabwera ngati fayilo imodzi yaikulu ya ISO, ndipo ya 24.04 imayandikira 6 GB. Netiweki ikadukaduka podawuniloda, fayilo ikhoza kuoneka yathunthu chonsecho ili yoduka. Fayilo iliyonse ili ndi chidindo chake cha zilembo ndi manambala 64 chotchedwa SHA256. Pa Windows lembani certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256. Pa Linux lembani sha256sum ndi dzina la fayilo. Yerekezani zomwe zatulukazo ndi zomwe eni ake analemba mu SHA256SUMS. Pakasiyana chilembo chimodzi chokha, fayiloyo itayeni. Musaiponye pa fulashi ngati nyimbo. Ilembeni ndi Rufus kapena balenaEtcher, ndipo dziwani kuti zonse zimene zinali pa fulashipo zidzafufutika. Palinso mafulashi otchipa olembedwa 64 GB pomwe m'kati mwake ndi aang'ono kwambiri. Pulogalamu ya H2testw imawagwira bodza. Pomaliza, poyatsa kompyuta muiuze kuti iyambire pa fulashi: pa Dell ambiri ndi batani la F12, pa HP ndi F9.

Makompyuta akale kwambiri a 32-bit salandira Ubuntu ya masiku ano ngakhale fulashi ikhale yabwino chotani. Amenewo ayeseni Debian 12.

Ubuntu ikalowa, mapulogalamu ena amachokera pa intaneti kudzera mu chida chotchedwa apt. Mukalemba sudo apt update n'kuona mawu akuti "not valid yet", musathamangire kugula bandulo ina. Yang'anani tsiku limene kompyuta ikuonetsa. M'kati mwake muli kabatire kozungulira ngati khobidi, CR2032, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima. Kakatha mphamvu, wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo apt imaona ngati mndandanda wa mapulogalamu walembedwa tsiku limene silinafike, n'kuukana. Konzani tsiku, sinthani kabatire, basi. Kompyuta yolaulidwa kuti yafa imadzuka ndi kanthu kogula kwa okonza mawotchi.

Tsopano nkhani ya gwero, imene ndi yaikulu. Apt siitenga mapulogalamu paliponse. Imawerenga maadiresi olembedwa mu fayilo ya /etc/apt/sources.list, kapena, kuyambira pa Ubuntu 24.04, mu /etc/apt/sources.list.d/ubuntu.sources. Mukaona 404 ndiye kuti pa adiresiyo palibenso kanthu. Izi zimachitika kwambiri munthu akaika Ubuntu yosakhalitsa monga 23.10, imene imasamalidwa miyezi 9 yokha kenako n'kusamutsidwira ku old-releases.ubuntu.com. Kulozera apt kumeneko kumathandiza kwa kanthawi, koma zigamba zachitetezo sizibweranso. Sukulu iziika yolembedwa LTS, imene imasamalidwa zaka 5: ya 22.04 mpaka 2027, ya 24.04 mpaka 2029. Pa Debian vuto lofala ndi mzere woyamba ndi deb cdrom, umene umachititsa kompyuta kupempha DVD imene mulibe. Ikani chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzerewo ndipo idzasiya.

Ophunzira amene mwaphunzirako za hadith ku madrasa mukudziwa kuti uthenga suyesedwa ndi kukoma kwake kokha. Amafunsanso kuti wadzera mwa yani. Apt imachitanso chimodzimodzi. Mndandanda uliwonse umabwera ndi siginecha ya eni gwero, ndipo ikapanda kuizindikira imalemba NO_PUBKEY. Pa intaneti pali malangizo ambiri ozimitsira chenjezoli kapena owonjezera magwero achilendo. Musawatsatire pa makompyuta a sukulu. Gwero limene mwalilola limapatsidwa mphamvu zonse pa kompyutayo, pomwe pali ntchito za anzanu a Fomu 4 amene akukonzekera Computer Studies ya MSCE.

Magetsi akazima apt ili pakati pa ntchito, kompyuta imadandaula ikayakanso. Lembani sudo dpkg --configure -a, kenako sudo apt --fix-broken install. Palibe chifukwa choyambiranso zonse.

Kwa a komiti, pempho ndi limodzi. Panopa kompyuta iliyonse imadawuniloda payokha zigamba zofanana, ndipo bandulo yogulidwa ndi sadaka za anthu imathera pa fayilo imodzimodziyo. Pulogalamu ya apt-cacher-ng ikaikidwa pa kompyuta imodzi, imasunga chilichonse chimene chatsika koyamba, ndipo ena onse amatengera pomwepo kudzera pa waya. Pulogalamuyo ndi yaulere. Chofunika kugula ndi mawaya a netiweki, switch imodzi ndi mabatire angapo a CR2032, ndipo Insha Allah mtengo wake tiubweretsa ku msonkhano wotsatira.