Kuyesa Mapulogalamu a Chichewa ndi Kusunga Mau Oyesera: Chitsanzo cha ku Rutendo

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokozera anzanga ofufuza zinenero ntchito imene ambiri a ife timaiyesa ya amisiri a kompyuta okha, ndiyo kuyesa mapulogalamu pogwiritsa ntchito makina, ndiponso kusonyeza chifukwa chake mau oyeserawo ayenera kusankhidwa ndi kusungidwa ndi anthu odziwa chinenero. Zitsanzo ndazitenga ku Rutendo, m'tauni ya Redcliff, pafupi ndi Kwekwe, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe.

Pulogalamu iliyonse ili ndi mbali imene munthu amaiona ndi kuikhudza: mabokosi olembamo, mabatani, ndi mauthenga amene amatuluka. Woyesa amalemba mau m'bokosi, nadina batani, nayang'ana ngati chotulukacho ndi chimene amachiyembekezera. Popeza pulogalamu imasinthidwa kawirikawiri, ndipo kukonza pamodzi kumatha kuononga pena, mayeso omwewo ayenera kubwerezedwa nthawi zonse. Ntchito yotopetsayi amaipereka kwa pulogalamu ina imene imalemba ndi kudina m'malo mwa munthu. Yodziwika kwambiri ndi Selenium, imene Jason Huggins anaiyamba mu 2004 ku kampani ya ThoughtWorks. Tsono tiyenera kumvetsa kuti makina oterewa sadziwa Chichewa. Amangoyerekeza chotuluka ndi yankho limene munthu analilemberatu. Yankholo likakhala lolakwa, makina adzavomereza cholakwacho tsiku ndi tsiku osatopa.

Ku Redcliff kunali fakitale yosungunula chitsulo, imene poyamba inkatchedwa RISCO, pambuyo pa ufulu wa 1980 nkukhala ZISCO, ndipo inaleka kugwira ntchito mu 2008. Monga m'matauni ena a migodi, antchito ambiri anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, nakhazikika ku Torwood ndi ku Rutendo. Adzukulu awo ena amalankhula Chichewa pakhomo, koma kulemba anaphunzira m'Chishona ndi m'Chingerezi. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka ndi boma, kotero kuti anthu ameneŵa ali ndi chifukwa chofunsira ngati mapulogalamu a Chichewa angawatumikire iwonso.

Taonani chimene chimachitika munthu wotere akafika pa bokosi lofufuzira mau. Kalembedwe ka Chishona kalibe l, kalibenso ph, th ndi kh za mpweya. Iye angalembe Piri pofuna Phiri, kapena kurima pofuna kulima. Liu la m'mphuno limene ife timalilemba ng' Ashona amalilemba n', monga mu n'anga, ndipo sin'anga ndi kalembedwe koyembekezeka kwa iye. Choposa apo, ngoma m'Chichewa ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotoka, pamene m'Chishona ngoma ndi ng'oma yoimba. Mnyamata wa ku dambwe la ku Rutendo akalemba ngoma, kodi pulogalamu imuonetse chiyani? Mmisiri sangayankhe funso limeneli. Ine ndiganiza kuti iyenera kuonetsa zonse ziwiri, ndipo yankho limenelo lilembedwe m'mayeso. Za Mulungu ndi murungu, amene m'Chishona ndi mzungu, sindifuna kunenapo zambiri. Aliyense aone yekha ngozi ya lamulo losintha r kukhala l mosaganizira.

Kachizindikiro ka mu ng' ndi m' kamavutanso mwa njira ina. Makina ali ndi kowongoka, U+0027, ndi kopindika, U+2019, ndipo mafoni ena amasintha koyamba kukhala kachiwiri wolemba osadziwa. Kwa maso ndi kamodzi, kwa makina ndi tiwiri. Ndinaonapo ndekha fomu ya pa intaneti ikukana dzina la mfunda lokhala ndi ng', nkunena kuti dzinalo lili ndi chilembo chosaloledwa. Akanaika dzina limodzi lotere m'mayeso awo, cholakwacho sichikanafika kwa anthu. Chimodzimodzinso ŵ wa mu Malaŵi, amene angasungidwe ngati chilembo chimodzi, U+0175, kapena ngati w wotsatana ndi kachipewa kake.

Vuto lachitatu ndi la mgwirizano wa maina, limene owerenga anga alidziwa kuposa amisiri. M'Chingerezi uthenga umodzi wonena kuti chinthu chachotsedwa umakwanira dzina lililonse, ndipo mmisiri amangosiya mpata woikapo dzinalo. Kwathu kuno timati chithunzi chachotsedwa, uthenga wachotsedwa, fayilo yachotsedwa, zithunzi zachotsedwa. Mau oyesera ayenera kukhala ndi dzina lochokera m'gulu lililonse, ndiponso maina onyenga: kabuku kachotsedwa, koma kanema wachotsedwa, ngakhale onse ayamba ndi ka.

Zitsanzo zoterezi sizitha ntchito pulogalamu imodzi ikayesedwa. Ziyenera kusonkhanitsidwa m'nkhokwe yosiyana ndi malangizo a makina, kuti woyesa mtanthauziramau, woyesa fomu ya chipatala ndi woyesa pulogalamu yotumizira ndalama atapemo onse. Chitsanzo chilichonse chikhale ndi mau olowa, yankho loyembekezeka, dera limene chinachokera, chaka, ndi kalembedwe kamene chikutsata. Mfundo yomalizayi si yachabe. Chichewa Board inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, nawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo Zambia ili ndi kalembedwe kake ka Chinyanja kolemba c pamene ife tilemba ch. Chitsanzo chosanena mwambo wake chidzalephera mawa popanda wodziwa chifukwa. Chitsanzo chikasinthidwa, chakale chisafafanizidwe, koma chisungidwe pamodzi ndi chifukwa chosinthira. Mayeso asanayambe, nkhokwe ibwezeredwe monga inalili, pakuti mayeso a dzulo amasiya zotsalira zimene zimasokoneza a lero.

Pali chenjezo limene ku Rutendo lili ndi kulemera kwake. Njira yachidule yopezera maina oyesera ndi kukopera kaundula weniweni wa anthu. Koma mabanja ochokera ku Malaŵi anakhala zaka zambiri ndi ziphaso zowatchula kuti ndi alendo, ndipo nkhani ya unzika inawadetsa nkhawa kufikira malamulo a 2013. Maina awo ndi manambala a ziphaso zawo sizoyenera kuyendayenda m'makompyuta a oyesa. Maina oyesera apekedwe, motsata kamangidwe ka maina enieni.

Nkhokwe yoyesera yodziwika imene ili ndi Chinyanja ndi FLORES-101, imene Facebook inatulutsa mu 2021, ya ziganizo 3001 zoyesera makina omasulira. Ndi yothandiza, koma ziganizo zake zonse zinamasuliridwa kuchokera ku Chingerezi. Mulibe Piri, mulibe sin'anga, mulibenso chiganizo choyamba m'Chichewa nkuthera m'Chishona, chimene ndicho chakudya cha tsiku ndi tsiku pamsika wa ku Rutendo. Ziganizo zotere ziyenera kukatengedwa komweko, ndi chilolezo cha eni ake, ndipo wolankhula wa kumeneko akhale m'gulu la olemba mayankho oyembekezeka.