Ndirande m'galaja ya ku Scarborough

Tsiku limene lole yokoka magalimoto inatsitsa pikapu ija pakhomo pathu ku Scarborough, mayi a kunyumba anangoima pawindo osanena kanthu. Ine ndinamva bwino lomwe zomwe chete ameneyo ankanena. Ndalama yomwe ndinapereka ikanakwana tikiti ya munthu mmodzi yopitira kumudzi pa Khirisimasi, ndipo chomwe ndinabweretsa chinali galimoto ya 1991 yopanda nambala, yosaloledwa pamsewu, giyabokisi yake ikudwala.

Kuno galimoto imeneyi ankangoitcha Toyota Pickup mpaka 1995 pomwe Tacoma inalowa m'malo mwake. Kwathu timaidziwa kuti Hilux. Ndi yomwe ija inkanyamula matumba a chimanga, odwala opita kuchipatala, anthu a matola, ngakhalenso bokosi tsiku la maliro. Ndili mnyamata ndinkapita pa holide kwa amalume ku Ndirande, komwe ankakonza magalimoto pansi pa mtengo, ndipo ntchito yanga inali yopereka sipanala ndi kutsuka mabauti m'parafini. Nditaiona pa Kijiji, mtima unagamula mutu usanaganize.

Injini yake ndi 22R-E ya petulo, malita 2.4, ndipo inkalira bwinobwino. Vuto linali mu giyabokisi, W56 ya magiya asanu yopangidwa ndi Aisin. Mwini wake sanabise: ukamalowetsa giya yachiwiri inkakukuta mano, ukachotsa phazi pa moto uli mu giya yachisanu inkatuluka yokha, ndipo ikakhala pa neutral inkachita phokoso lomwe linkatha ukaponda kilatchi.

Amakaniko awiri omwe ndinafunsa anandiyankha mofanana. Ati iwo satsegula giyabokisi, amangochotsa n'kuikapo ina, ndipo ntchitoyo amawerenga pa ola. Sindikuwada. Lendi ya galaja kuno si masewera. Koma ndinakumbukira kuti ku Ndirande kapena ku Biwi Triangle mawu oti chinthu chatha amanenedwa pokhapokha munthu atachitsegula n'kuona ndi maso.

Panalinso chifukwa china. Mwana wathu wamkazi anali atangokwanitsa zaka 16 n'kutenga layisensi yoyamba ya G1. Ku Ontario layisensi sisiyanitsa manual ndi automatic, ndiye palibe chimene chimakakamiza mwana kuphunzira kilatchi. Ngakhale kumudzi zinthu zasintha: ma Vitz ndi ma Sienta ochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ambiri ndi automatic. Koma pikapu ya agogo ake ku Ntcheu ndi ya magiya a pamanja, ndipo ndinkafuna kuti tsiku lina agogowo akadwala usiku, mdzukulu asadzaime ndi makiyi m'manja n'kumafunsa kuti pedulo yachitatuyi ndi yachiyani.

Amene mukufuna kugula galimoto yakale kuno, yambani mwagwada n'kuyang'ana pansi. Mchere womwe amathira m'misewu nyengo yachisanu umadya chitsulo kuposa china chilichonse chomwe tinachiona kwathu. Ine ndinapita ndi kanyundo n'kugogoda chasisi yonse ndisanapereke ndalama. Giyabokisi imakonzeka, koma chasisi yobooka ndi dzimbiri ikhoza kukulepheretsani kupeza chiphaso choyendera pamsewu. Kenako ndinatha sabata yathunthu ndikupopera mankhwala ofewetsa dzimbiri pa bauti lililonse ndisanaligwire ndi sipanala.

Eni nyumba yomwe timachita lendi anandilola kugwiritsa ntchito galaja, bola pansi pasadzakhale oyilo. Ndinayamba mu September, cholinga chili chomaliza chipale chisanagwe.

Apa m'pamene ndinayamba kusiyana ndi sukulu ya amalume. Ku Ndirande galimoto tinkaikhazika pa njerwa ndi malimu akale, ndipo pafupi pankakhala anyamata asanu oti n'kukuthandiza zitavuta. Kuno umakhala wekha m'galaja, chitseko chotseka, neba sakudziwa n'komwe dzina lako. Ndinagula ma jack stand anayi olimba ku Princess Auto, ndinatchinga matayala, ndipo sindinalowepo pansi galimoto ili pa jeke yokha. Lamulo lina linachokera kwa mayi a kunyumba: ndisalowe pansi iwo kulibe pakhomo. Komanso galaja yathu ndi yolumikizana ndi nyumba, ndiye kuliza injini kapena kuyatsa chotenthetsera cha gasi chitseko chili chotseka n'kuika banja lonse pa ngozi ya mpweya wa carbon monoxide, womwe sununkha.

Kuchotsa giyabokisi kunanditengera Loweruka awiri. Umachotsa batire, ndodo zosinthira magiya m'kati mwa galimoto, sitata, silinda yaing'ono ya kilatchi, ndi mapuropu shafuti awiri popeza iyi ndi 4x4. Usanamasule mapuropu shafutiwo umalemba chizindikiro ndi penti kuti adzabwerere momwe analili, apo ayi galimoto idzanjenjemera pamsewu. Giyabokisi ikakhala pamodzi ndi transfer case ndi yolemera zedi. Osayesa kuilandira pachifuwa ngati mmene ankachitira achimwene ena kwathu. Ndinabwereka jeke yake yapadera yokhala ndi tcheni.

Tebulo ndinapanga ndi chitseko chakale. Tizitsulo ting'onoting'ono ndinkaika m'mathireyi a mazira, kabowo kalikonse ndi nambala yake, ndipo chilichonse ndisanachichotse ndinkachijambula pa foni. Pambali panali buku la fakitale lokonzera galimotoyi.

Ukaitsegula, giyabokisi siyoopsa monga imamvekera. Mphamvu ya injini imalowa pa shafuti yakutsogolo, kutsikira pa shafuti yam'munsi, n'kukweranso pa shafuti yotulukira kumbuyo. Magiya opita kutsogolo amakhala olumana nthawi zonse. Ukamasuntha ndodo, chomwe ukukankha ndi kolala yomwe imamangirira giya imodzi ku shafuti. Pakati pa kolalayo ndi giya pali mphete ya mkuwa yotchedwa synchro, yomwe imagwira ngati kabuleki kofananitsa liwiro la ziwirizo zisanalumane. Mphete ikatha, mano amagundana, n'chifukwa chake mumamva kukukuta kuja. Ya giya yachiwiri inali itasalala ngati ndalama yakale. Kolala ya giya yachisanu mano ake anali ataphwa, ndipo beringi ya shafuti yakutsogolo inkagwedera.

Loweruka lililonse cha m'ma 8 koloko m'mawa ndinkaimbira amalume pa WhatsApp, kwawo ili 2 koloko masana. Nthawi itasintha kuno kumayambiriro kwa November, kusiyanako kunafika maola 7. Maso awo anafooka koma khutu likadali lakuthwa. Ankandiuza kuti ndizunguze beringi pafupi ndi foni, iwo n'kugamula kuti iyi itaye, iyo ikadali ndi moyo. Pomaliza ndinasintha onse popeza anabwera m'paketi imodzi ndi ma synchro ndi masili, koma ndinaona kuti onse omwe iwo anawakana analidi ndi zipsera m'kati.

Pena tinkatsutsana. Iwo ankati beringi imatuluka ndi paipi ndi nyundo, bola dzanja likhale lodziwa. Ine dzanja lodziwalo ndilibe, ndiye ndinanyamula mashafuti kupita nawo ku shopu ina yokhala ndi makina opanikizira. Iwo ankayeza mpata ndi chala, ine ndi timasamba tachitsulo toyezera, chifukwa buku limapereka muyeso wa mpata uliwonse, ndipo timphete totsekera maberingi timabwera mosiyana makulidwe kuti usankhe koyenera. Ankandiseka kuti ndasanduka dokotala. Koma tsiku lina anavomera okha kuti akanakhala ndi zida zimenezi kale, magalimoto ena sakanabwerera kwa iwo kawiri.

Tsopano mverani chomwe chinandichitikira. Lamlungu lina madzulo ndinatseka giyabokisi, ndapaka sili, ndamanga mabauti onse, magiya akulowa ngati batala. Ndikusesa patebulo, m'thireyi ya mazira ndinapeza kachitsulo kamodzi kangati njere ya mpunga. Ndinakhala pansi. Mutu unayamba kundinyenga: aise, magiya onse akulowa, kameneka n'kachiyani? Kunja kunali kutayamba kale kuzizira, masamba atayoyoka.

M'mawa mwake ndinatumiza chithunzi ku Ndirande. Yankho silinachedwe, ndipo silinali lokoma. Amalume anandifunsa ngati si mwana wanga yemwe adzayendetse galimotoyo. Kachitsuloko ndi kamodzi mwa tomwe timakhala pakati pa ndodo zosuntha makolala, ndipo ntchito yake n'kuletsa magiya awiri kulowa nthawi imodzi. Zimenezo zitachitika galimoto ikuthamanga, giyabokisi imamangika, matayala n'kuima pomwepo. Ndinatsegulanso, kupala sili yonse, kuyambiranso. Loweruka lina linapita choncho. Akuluakulu ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti nkhonoyo uzidikira zala zikuuma ndi chisanu.

Giyabokisi ikakhala pansi, ndi nzeru kusinthiratu zonse zomwe zimabisika kumbuyo kwake, chifukwa simudzafuna kuichotsanso chaka chamawa. Ndinaika kilatchi yatsopano yonse, beringi yake yokankhira, kaberingi kakang'ono ka pakati pa flywheel, ndi sili yakumbuyo kwa injini. Flywheel ndinakaipaletsa ku shopu. Mbale ya kilatchi ili ndi mbali yake yoyang'ana ku flywheel, ndipo imakhazikidwa pakati ndi kachida kapulasitiki komwe kamabwera m'bokosi. Mabauti onse ndinamanga ndi torque wrench malinga ndi buku, osati mpaka mkono utatopa.

Tsiku loikweza ndinaitana anzanga awiri a kumudzi, wina wa ku Brampton wina wa ku Mississauga. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi a kunyumba, omwe tsopano anali atayamba kufunsa mmene ntchito ikuyendera, anaphika nsima ndi nkhuku. Giyabokisi inakwera bwino n'kukana patatsala mpata wa chala chimodzi kuti ikhudze injini. Mmodzi mwa anzangawo anati tingoikoka ndi mabauti. Musadzayese. Ikakana ndiye kuti shafuti sinalowe bwino mu kilatchi kapena mu kaberingi kaja, ndipo kuikakamiza kumang'alula chitsulo. Tinailowetsa mu giya, kupotoza pang'ono kumbuyo kwake, kukweza jeke pang'ono, ndipo inangoti khu, yalowa.

Za oyilo, masulani kaye chotsekera cha pothirira musanamasule cha pokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti pothirira pakana. Ndinathira 75W-90 wa mtundu wa GL-4, womwe ambiri amaukonda pa magiyabokisi okhala ndi mphete za mkuwa. Wakale uja sindinathire m'ngalande. Mzinda wa Toronto uli ndi malo olandirira zinyalala zoopsa za pakhomo, ndipo oyilo amalandira. Kuchotsa mpweya mu kilatchi kumafuna anthu awiri, ndiye mwana uja anakhala pampando n'kumaponda, ine ndili pansi ndikukuwa kuti ponda, gwira, siya.

Galimoto kuyenda m'galaja si kuti yaloledwa pamsewu. Ku Ontario galimoto yogula kwa munthu imafuna Safety Standards Certificate kuchokera ku galaja yovomerezeka, inshulansi, kenako nambala ku ServiceOntario. Yanga inalephera ulendo woyamba kaamba ka paipi ya buleki yodyeka ndi dzimbiri. Ndinasintha, ulendo wachiwiri inakhoza.

Kodi ndinapulumutsa ndalama? Kunena zoona, pang'ono chabe. Ndikaphatikiza zida zomwe ndinagula, sizikusiyana kwambiri ndi mtengo wa giyabokisi yogwiritsidwa kale ntchito. Ndipo kwa inu amene muli ndi galimoto imodzi yokha yopitira ku shifiti, ntchito iyi musaiyambe pa galimoto imeneyo. Yanga inatenga miyezi iwiri ndi theka m'malo mwa masabata atatu omwe ndinalonjeza.

Lamlungu lomaliza la November tinapita pa malo ena oimikapo magalimoto pomwe panalibe anthu. Wa G1 saloledwa pa 401, ndipo ngakhale akanaloledwa sindikanayerekeza. Anazimitsa injini kanayi. Ulendo wachisanu pikapu inanyamuka mogwedezeka, iye n'kukoka ndodo kulowa giya yachiwiri, ndipo sinakukute. Anandiyang'ana n'kunena kuti, adadi, yalowa. Ndinamuuza kuti asanyade msanga, chifukwa ku Ntcheu chiwongolero chili mbali inayo ndipo adzasintha magiya ndi dzanja lamanzere.

Pikapu tsopano yaima m'galaja mpaka mchere utachoka m'misewu. Amalume ndinafuna kuwatumizira kangachepe ka ntchito yawo, koma anakana. Ati ndalama itha sabata imodzi, iwo akufuna sipanala yolira ija ikafika pa muyeso, pamodzi ndi timasamba toyezera mpata, kuti anyamata omwe akuwaphunzitsa ayambe kuzolowera. Ndagula kale zonse ziwiri. Ife chaka chino sitipita, tikiti ija ili m'galaja, ndiye ngati pali wina wa kuno amene akutsikira ku Chileka mwezi wa December ndipo m'chikwama mwake muli kampata, tiuzane.