Kulera mwana uli ku Joni: ndalama imafika, nanga mawu a kholo?

Mukayenda m'midzi yambiri ya m'boma la Mangochi simuvutika kudziwa banja lomwe lili ndi munthu ku Joni. Nyumba ya njerwa zootcha, malata onyezimira, sola padenga ndi njinga yamoto pakhonde zimakuuzani zokha. Ku Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay nakonso ndi chimodzimodzi. Thukuta la abale athu omwe ali ku South Africa limaoneka ndi maso, ndipo palibe angalinyoze. Chomwe sichioneka msanga ndi momwe ana a m'mabanja amenewa akukulira.

Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale yoyendera kumudzi, ndipo ndagwira ntchitoyi zaka zoposa khumi. M'kalasi mwanga ndimakumana ndi magulu awiri a ana a ku Joni: omwe makolo adawasiya m'manja mwa agogo, ndi omwe adabadwira kapena kukulira komweko kenako n'kutumizidwa kumudzi. Mlongo wanga naye akulera ana awiri ku Johannesburg. Zomwe ndaona kumbali zonsezi zandiphunzitsa chinthu chimodzi: ndalama imadyetsa mwana ndi kumuveka, koma siimulera.

Ulendo wa ku Joni sudayambe lero. Agogo athu ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, ndipo pambuyo pake ku Theba. Mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa ulendowu. Udayambiranso patapita zaka zochepa, mpaka pomwe udatheratu mu 1988. Koma nthawi imeneyo ankapita ndi abambo okha, ali ndi kontirakiti yonena tsiku lobwerera, mayi n'kutsala pakhomo ndi ana. Yemwe sadabwerere ankatchedwa mtchona. Lero akupita ndi onse, bambo ndi mayi yemwe, opanda kontirakiti ndiponso opanda tsiku lobwerera. Funso loti mwana akhale kuti, ndipo amulere ndani, lakula kuposa kale.

Kulera mwana komweko

Amene sadafikeko amaganiza kuti mwana yemwe ali ndi makolo ake ku Joni ali pabwino. Mlongo wanga amagwira ntchito ya m'nyumba. Amadzuka kusadache, amakwera ma taxi awiri, ndipo amabwerera kutada. Mlamu wanga amasamala maluwa ndi kapinga m'nyumba zingapo, tsiku lililonse kwa bwana wina. Banja lonse limagona m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba ya eni. Ana akadzuka amapeza mayi atapita, ndipo masiku ena amagona mayi asadafike.

Kuno kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi akapita kudimba amasiya mwana kwa agogo, kwa azakhali kapena kwa neba, ndipo palibe amatchula za malipiro. Ku Joni chilichonse n'chogula. Wosunga mwana masana amalipidwa pamwezi, galimoto yotengera mwana kusukulu nayo imalipidwa, ndipo kumudzi anthu akudikira kuti mwezi ukatha foni ilire. Amayi ena amagona kuntchito komweko n'kumaona ana awo Loweruka ndi Lamulungu basi. Amatha mlungu wonse akusambitsa ndi kudyetsa ana a bwana pomwe awo ali m'manja mwa munthu wachilendo.

Vuto lachiwiri ndi la mapepala. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza. Ambiri masikuwa amawathera ali pantchito, ndipo kuchokera pamenepo amayenda mwamantha poopa kugwidwa n'kukatsekeredwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Mantha omwewa ndi omwe amalepheretsa makolo kukalembetsa mwana akabadwa. Ena amakhulupirira kuti mwana wobadwira kumeneko ndiye kuti ndi nzika ya dzikolo, koma lamulo lawo silitero ngati makolo onse ali alendo. Zotsatira zake, mwana amakula wopanda chikalata cha kubadwa cha uko, wopandanso cha kuno. Makolo otere adziwe kuti mu 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Adziwenso kuti dziko lathu lili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg komwe angakafunse za zikalata za mwana. Ngakhale kapepala ka kuchipatala kosonyeza tsiku ndi malo omwe mwana adabadwira n'kofunika kukasunga ngati ndalama.

Kaleredwe nako n'kosiyana. Ambirife tidakula ndi kamtengo ka pakhonde. Ku South Africa khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula mu 2019 kuti kholo lisamenye mwana ngakhale m'nyumba mwake momwe. Mlongo wanga adandiuza pafoni kuti: "Achimwene, kuno mkono umabwerera wokha. Watsala ndi pakamwa basi." Koma kulangiza ndi pakamwa kumafuna nthawi, ndipo nthawiyo ndi yomwe ntchito imadya. Iye ndi mwamuna wake adagwirizana kuti yemwe wayamba kufika kunyumba ndiye aphike ndi kuona makope a ana. Mlamu wanga, yemwe kumudzi sankagwira mthiko, lero amaphika nsima osachita manyazi. Banja lomwe likufuna kusunga ana kunja liyenera kuvomereza kuti ntchito zina zomwe kumudzi timati n'za amayi zigwiridwe ndi aliyense.

Chinenero chimathawa mwakachetechete

Mu 2008 anthu oposa 60 adaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa. Mu 2015 zidabukanso ku Durban, mpaka boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu. Kholo lomwe lidaona zimenezi silingadzudzulidwe likamauza mwana kuti asalankhule Chichewa kapena Chiyao mu taxi. Mwana naye safuna kutchedwa kwerekwere kusukulu, choncho amagwira Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi, n'kumachita ngati kwawo n'komweko. Kudziwa zinenero zambiri ndi chuma. Vuto limabwera pomwe chinenero cha kwawo chasowa malo ngakhale m'nyumba.

Zotsatira zake timazilandira ndife aphunzitsi. Mwana akafika zaka 13 kapena 14, makolo amaopa magulu oipa ndi mankhwala ozunguza bongo a m'matauni, ndiye amamukweza basi. Amayenda masiku awiri kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa pa Mwanza, n'kufikira kwa agogo omwe sadawaonepo. Mtsikana wina yemwe ndidamuphunzitsa Fomu 1 adali katswiri pa masamu ndi Chingerezi, koma sankatha kuwerenga ndime imodzi ya Chichewa. Anzake adamupatsa dzina loti Mzulu. Kunyumba iye ndi agogo ake ankalankhulana ndi manja. Ku Joni ankamuuza kuti abwerere kwawo, kuno akumuuza kuti si wakuno. Mwana wazaka 14 angasenze bwanji katundu wotere?

Palinso nkhani ya kalendala. Sukulu za ku South Africa zimayamba mu Januwale n'kutseka mu Disembala, pomwe zathu zimayamba mu Sepitembala. Mwana wotumizidwa pa Khirisimasi amapeza teremu yoyamba yatha. Ambiri amabwera opanda lipoti kapena kalata ya kusukulu yomwe achokera. Popeza malo a Fomu 1 m'sukulu za boma amaperekedwa potengera mayeso a Sitandade 8 a MANEB, momwe mulinso pepala la Chichewa, mwana yemwe adafika Grade 8 kapena Grade 9 amabwezedwa kupulaimale. Amakhala pa desiki imodzi ndi ana omwe amawaposa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ena manyazi amawachotsa sukulu.

Otsala m'manja mwa agogo

Gulu lalikulu ndi la ana omwe adatsala. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi mabenchi amadzaza ndi agogo. Amabwera mokhulupirika, koma ambiri sangawerenge lipoti, ndipo usiku sangathe kuyenda ndi tochi kufunafuna mdzukulu kumalo oonetsera mafilimu. Mdzukuluyo ali ndi foni yapamwamba yochokera ku Joni, ndipo nthawi zina ndalama za pakhomo zimafikira pafoni yake chifukwa agogo sadziwa kuigwiritsa ntchito. Pakhomo pomwe mwana wazaka 15 ndiye wosunga chikwama, ndani angadzudzule mnzake?

Kwina ndalama zimafikira kwa malume kapena azakhali, n'kukagula feteleza ndi kubweza ngongole, mwana akubwera kusukulu wopanda kope. Kholo lili ku Joni likuganiza kuti zonse zili bwino chifukwa lidatumiza, pomwe mwana akuganiza kuti adaiwalidwa.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi anyamata a Fomu 2 ndi Fomu 3. Mmodzi adandiuza maso ndi maso kuti: "Aphunzitsi, inu mudaphunzira koma mumayendera njinga yakapalasa. Achimwene anga adalekezera Sitandade 7, koma ali ndi nyumba ya malata." Kuchokera pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi ikumveka yaikulu kwambiri m'makutu mwa ana. Akangokwanitsa zaka 16 n'kutenga chiphaso cha unzika, maganizo onse amapita pa pasipoti. Mwanayu sindimuimba mlandu. Chomwe amaona pa WhatsApp ndi chithunzi cha bambo ake atavala jekete patsogolo pa galimoto ya bwana. Saona chipinda chodontha, saona masiku ogona ndi njala ntchito ikasowa, saona bambo akuthawa apolisi. Makolo akabisa mavuto awo pofuna kuti ana asadandaule, amawakonzera okha njira yomwe eni akewo akulira nayo.

Zomwe ndaona zikuthandiza

Sindikunena kuti anthu asiye kupita. Ntchito kuno n'zosowa, ndipo ana ena omwe adakhoza bwino MSCE pasukulu pathu adaphunzira ndi ndalama za ku Joni. Ndikayang'ana mabanja omwe ana awo akuchita bwino, ndimapeza zinthu zofanana.

Choyamba, adasankha munthu mmodzi woyang'anira mwana, ndipo adamutchula poyera pamaso pa abale, a mfumu ndi akusukulu. Mwana wa aliyense amasanduka mwana wopanda mwini. Ngati agogo akalamba, pakhale wina wamphamvu wowathandiza, ndipo ndalama zifikire kwa wamkulu osati kwa mwana.

Chachiwiri, kholo lili ndi nambala ya mphunzitsi. Bambo wina yemwe amagwira ntchito ku Cape Town amandiimbira kumapeto kwa mwezi uliwonse. Amafunsa masiku omwe mwana wake wajomba, ndipo teremu ikatha amandipempha chithunzi cha lipoti. Mnyamatayo amadziwa kuti bambo ake ali kutali koma maso awo ali m'kalasi. Yuniti yoimbira foni yotere ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa nsapato zomwe makolo amatumiza.

Chachitatu, amakhala ndi tsiku lokhazikika lolankhula ndi mwana, ndipo nkhani yake siikhala ya ndalama yokha. Amafunsa za anzake, za thupi lake, za chomwe chamukhumudwitsa. Mtsikana akatha msinkhu amafuna mawu a mayi ake, ngakhale azakhali ndi anankungwi alipo. Ndipo amamuuza mwanayo zoona za moyo wa kunja, zabwino ndi zowawa zomwe.

Kwa omwe muli ndi ana komweko, pakhomo pakhale pa chinenero chanu. Panjira alankhule chomwe chingawateteze, koma chitseko chikatsekedwa amve Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chitonga. Mlongo wanga amapempha mayi athu kujambula mawu pafoni akusimba nthano ndi kuponya zilapi, ndipo ana amamvera asadagone. Amapitanso nawo kumapemphero komwe kumasonkhana Amalawi. Kuongola mtengo mpoyamba. Mwana wazaka zisanu amatola chinenero ngati masewera, koma wazaka 15 amachiona ngati chilango.

Ngati mwaganiza zomutumiza kumudzi, musadikire kuti alakwe kaye, chifukwa adzaona kwawo ngati ndende. Mutumizeni akadali m'makalasi apansi kuti apeze nthawi yokonzekera mayeso a Sitandade 8, afike mu Ogasiti sukulu zisadatsegulidwe, ndipo anyamule malipoti ake onse, kalata ya kusukulu ndi chikalata cha kubadwa. Ngati wapita kale patali ndi sekondale, n'kwabwino kulimbana nazo kuti amalize matric komweko. Ngati n'kotheka, mubwere naye nokha m'malo momupereka kwa dalaivala ngati katundu.

Ife aphunzitsi ndi makomiti a sukulu tili ndi gawo lathu. Sukulu iliyonse m'madera ngati athu ikhale ndi kaundula wa ana omwe makolo awo ali kunja, wokhala ndi dzina la womuyang'anira ndi nambala ya kholo. Magulu a amayi oyang'anira atsikana pasukulu awayendere ana otere kunyumba. Mwana wobwera kuchokera ku Joni apatsidwe mnzake womuthandiza Chichewa, ndipo omunyoza adzudzulidwe msanga. Unduna wa zamaphunziro nawo utithandize ndi malangizo omveka bwino a kalasi yomwe mwana wochokera kunja ayenera kulowa, kuti nkhaniyi isamathere pa maganizo a mphunzitsi wamkulu yekha.

Abale athu muli ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, mudapita kuti ana anu adzakhale bwino kuposa inu. Mwana ali Fomu 1 lero, pakatha zaka zinayi adzakhala munthu wamkulu, kaya mwabwera kaya simudabwere. Mwezi uno mukamatumiza ndalama, siyaniko pang'ono zogulira yuniti. Imbirani mwanayo, mulankhule naye mpaka amasuke, kenako muimbirenso aphunzitsi ake. Ife nambala zathu sitibisa.