Alendo oyenda pansi angatukule midzi ya m'mbali mwa nyanja

Ku Nkulumane ndi m'makomboni ena a mzinda wa Bulawayo muli mabanja omwe makolo awo adachokera ku Nkhata Bay. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Atonga ambiri adayenda pansi kwa masabata, phukusi lili kumutu, kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia. Masiku ano kwawo kwa makolo amenewo kukudutsa apaulendo a mtundu wina: alendo obereka zikwama kumsana, omwe amayenda pansi mwakufuna kwawo ndi kugona m'matenti pamchenga.

Njira yomwe imawakopa ndi ya kumpoto kwa nyanja ya Malawi, yochokera ku Usisya kudzera ku Ruarwe ndi Tcharo mpaka ku Mlowe m'boma la Rumphi. Kumeneku mapiri amatsetserekera m'madzi, ndipo chapafupi ndi pomwe nyanjayi idazama kwambiri, pafupifupi mamita 700. Kanjirako kamakwera m'matanthwe, kutsikira padooko, kenaka n'kulowa m'minda ya chinangwa. Kuchoka ku Usisya kukafika ku Ruarwe ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo njira yonseyo imatenga masiku angapo.

Kwa mlendo, kanjiraka n'kosangalatsa. Kwa eni dera, ndiwo msewu wopitira kusukulu, kuchigayo ndi kuchipatala. Yemwe safuna kuyenda pansi amadikira boti kapena sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951. Kuvuta kwa mayendedwe kumene kumalepheretsa mlimi kukagulitsa mbewu kutauni ndi komwenso kumachititsa kuti mlendo adalire mudzi.

Woyenda pansi sangasenze chakudya cha ulendo wonse. Tsiku lililonse amafuna nthochi, mazira, usipa, kondowole, madzi owiritsa, malo okhomapo tenti ndi munthu womulondolera njira. Zonsezi mudzi uli nazo. Vuto n'lakuti pomwe palibe dongosolo, mlendo amagona pamchenga kwaulere, n'kusiya mapepala apulasitiki, ndipo ana amathawa sukulu kukamupempha ndalama.

Apa ndi pomwe alangizi a zachitukuko angathandize. Nyakwawa pamodzi ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi angathe kupatula malo amodzi ogonapo alendo, kugwirizana mtengo wodziwika kwa onse, ndi kulemba m'kaundula ndalama iliyonse yolowa. Magulu a amayi angaphike mosinthana, pomwe achinyamata odziwa njira angaperekeze alendo mpaka m'malire a mudzi wotsatira, kuti phindu lisathere pamalo amodzi.

Malo ogonawo asasowe chimbudzi chokumba patali ndi madzi, chokhala ndi posambira m'manja. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo boma la Nkhata Bay lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Nyanja yomwe mlendo amasambamo ndi yomweyo yomwe mudzi umatungamo madzi akumwa. Posankha malo, komiti ikumbukirenso kuti mu 2024 madzi a nyanjayi adakwera mpaka kumiza mchenga ndi nyumba m'madera ambiri; choncho malo okwererapo pang'ono ndiwo abwino.

Nzeru za eni dera nazo ndi katundu wogulitsa. Asodzi amadziwa kuti mwera umawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyengo yomwenso alendo amakonda kuyenda chifukwa kunja kumakhala kozizira. Amadziwa mathiriro a mitsinje pomwe pangabisale ng'ona, ndiponso mitsinje yomwe siwolokeka m'dzinja. Mlendo amayenera kuchenjezedwa za likodzo m'madzi odekha a m'mabango, ndi kuuzidwa malo osambira amayi kapena manda pomwe sayenera kufikapo.

Ntchito yokopa alendo yotereyi sifuna hotela kapena ngongole yakubanki. Imafuna mgwirizano, ukhondo ndi kukhulupirika pa ndalama. Nazo zidzukulu za ku Nkulumane zofuna kuona komwe agogo awo adachokera zingayende njira imeneyi, n'kugona pamchenga wakwawo, ndalama ya ulendowo n'kutsalira m'manja mwa abale awo.