Kuwerenga chikalata cha mpikisano wothamanga m'kalasi

Aphunzitsi, tengani chitsanzo cha Wally Hayward Marathon, mpikisano wa chaka ndi chaka umene kawirikawiri umachitika pa 1 Meyi ku Centurion, mumzinda wa Tshwane. Dzinali ndi la katswiri amene anapambana Comrades Marathon kasanu. Ena amathamanga makilomita 42.2 kuti ayenerere Comrades, ena 21.1 kapena 10.

Pa mipikisano yotere ndalama zimabwera m'njira ziwiri. Pali ndalama yolembetsera, imene mbali yaikulu imalipirira madzi, mamendulo ndi achipatala. Palinso zopereka: wothamanga amapempha abale ndi anzake kusonkhera bungwe lothandiza ovutika, monga zimachitikira ku Comrades kudzera mu Race4Charity.

Wophunzira wosasiyanitsa ziwirizi amaganiza kuti ndalama zonse zafika kwa ovutikawo. Choncho mupatseni chikalata cholengeza mpikisano, ayankhe mafunso atatu: akulandira ndani, zingati, liti? Akapeza mawu akuti "gawo lina la ndalama" popanda chiwerengero, alembe kalata yofunsa okonza mpikisanowo. Luso lomweli lidzamuteteza tsiku limene adzawerenge pepala la ngongole asanasaine.