Chinsinsi cha ngodya zitatu

Ana inu, kodi munayamba mwayang'anako kudenga m'kalasi kapena m'tchalitchi mopanda siling'i? Matabwa onyamula malata aja sawakhoma mwachisawawa ayi. Amawalumikiza atatuatatu. N'chifukwa chiyani?

Tiyambe ndi mzere. Pali mzere wowongoka ndi mzere wokhota. Mizere ina yowongoka imayenda moyandikana koma osakumana ngakhale itatalika chotani. Zitsulo za njanji zili choncho. Koma mizere iwiri ikakumana, pokumanirapo pamakhala ngodya. Kukula kwa ngodya timakuyeza ndi madigiri. Ngodya ya pakona pa kope lanu ndi madigiri 90.

Tsono mizere ikalumikizana n'kutseka mpata, pamatuluka chojambula chokhala ndi dzina lake. Cha mbali zitatu ndi thirayango. Chitseko ndi rekitango: mbali ziwiri zazitali, ziwiri zazifupi, ndipo ngodya zake zonse zinayi ndi za madigiri 90. Mbali zinayizo zikafanana kutalika, imeneyo ndi sikweya. Seko ilibe ngodya n'komwe, imangozungulira monga mkombero wa lichero.

Tiyeni tiyese. Tengani timitengo tinayi tofanana, mutimange nsonga ndi nsonga ndi luzi kuti mupange sikweya. Kankhani pakona imodzi. Mwaona? Yapendekeka! Tsopano mangani titatu tokha. Kankhaninso. Thirayango njii, sakugwedezeka. Ngodya zake sizingasinthe pokhapokha kamtengo kamodzi katathyoka kapena kumasuka.

Chinsinsi chija ndi chimenechi. Mphepo ikawomba, thirayango salola kuti denga lipendekeke. N'chifukwa chake mumamuonanso pa felemu ya njinga, pa milatho yazitsulo ndi pa nsanja zonyamula mawaya a magetsi.

Thirayango amathandizanso amisiri pokhazika maziko a nyumba. Amayeza mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo. Mpata wa pakati pa nsonga ziwirizo ukakwana mamita 5, amadziwa kuti kona yawongoka, ndi madigiri 90 enieni.

Nayi ntchito ya lero. Dulani thirayango wa pepala, mung'ambe ngodya zake zitatu, muziike mogundizana nsonga zili pamodzi. Zipanga mzere wowongoka, chifukwa ngodya za thirayango aliyense zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Yesani wamkulu, yesani wamng'ono, kenako mukawaonetse anzanu kusukulu.